Boti la Dona Lakana Giya

Uthenga unalowa m'mawa, Nagirisi akutsegula chitseko cha shedi.

"Boti likubwera kwanuko lero. Inenso ndikubwera nalo. Ine undikwiyire momwe ungathere, koma botilo silinakulakwire."

Anauwerenga, n'kubweza foni m'thumba la ovolosi osayankha. Asanamalize kukoka chitseko, foni inanjenjemeranso.

"Ndikudziwa kuti wawerenga."

"Mafoni a masiku ano alibe chinsinsi," anang'ung'udza yekha.

Dzina loti Nagirisi silinali lobadwa nalo. Anamupatsa ndi anthu a padoko, chifukwa kuyambira ali kamtsikana sankapezeka wopanda girisi patsaya. Anakulira m'shedi ya bambo ake yokonzera maboti, ndipo tsopano anali makaniko wokwana, wodziwa injini poimva kulira kwake.

Wolemba uthengayo anali Kaputeni, woyendetsa boti la alendo la hotela ina ya m'mbali mwa madzi. Awiriwa anali pa chibwenzi kuyambira chaka chatha, koma chobisa, chifukwa bambo a Nagirisi sankafuna n'kumva komwe. Kwa iwo, woyendetsa boti la alendo anali munthu wolembedwa ntchito yosekerera aliyense. "Munthu wotereyu," ankatero, "kunyumba amafika mano atatopa."

Nagirisi ankangowaseka bambo akewo, mpaka sabata yatha pomwe anapita kudoko kukasiya batire. Anapeza boti lija likuyandikira khoma la doko, pachiwongolero pataima Dona, mwana wa mwini hotela, amene anali atangoyamba kuyang'anira maboti a bambo ake. Kaputeni anali kumbuyo kwake, dzanja lake litaphimba dzanja la Dona pa handulo ya magiya. Dona ankaseka atagadamitsa mutu. Nagirisi anatsitsa batire pansi n'kutembenuka. Kuyambira tsikulo, foni za Kaputeni zinkangolira mpaka kuduka zokha.

*

Boti linafika dzuwa litakwera, lili pa ngolo yake, likukokedwa ndi galimoto ya hotela. Kaputeni anatsika atavala malaya oyera osita bwino, ngati waitanidwa kuphwando osati kumlandu. Pambuyo pake panaima kagalimoto kofiira. Munatuluka Dona, magalasi akuda kumaso, kumapazi nsapato zosayenera pamalo a oyilo.

Bambo a Nagirisi anatuluka akupukuta manja. Pambali pawo panali mwana wawo woyamba, mchimwene wake wa Nagirisi, amene aliyense ankamutcha Nyundo chifukwa chilichonse chokana kumasuka iye ankachimenya.

"Lavuta chiyani?" anafunsa bambowo akuyang'ana Dona, ngati Kaputeni palibe.

"Dzulo latichititsa manyazi," Dona anayankha. "Alendo adzaza, afika pakati pa madzi, aima kuti ajambule zithunzi. Pofuna kunyamuka, giya ya kutsogolo yakana kulowa. Injini ikulira bwinobwino, boti osasuntha. Anachita kuwakoka ndi asodzi. Adadi akwiya zedi."

"Giya sikana yokha," anatero bambowo. "Imakana ikatopa ndi kumenyedwa. Anyamatawa akaona alendo aakazi amaponya handulo kutsogolo, kumbuyo, injini ikukuwa, kuti awaombere m'manja."

"Adadi akuteronso. Akuti mukatsegula n'kupeza kuti ndi kayendetsedwe, Kaputeni asadzapondenso padoko lathu."

Kaputeni anavula chipewa. Nkhope yake inalibe mantha ngakhale pang'ono.

"Bambo, tsegulani muone. Botili ndimaliyendetsa ngati ndanyamula mazira. Mukapeza dzino la giya litathyoka chifukwa cha ine, chipewachi ndichisiya pompano."

"Chipewa chako ndichite nacho chiyani?"

Nagirisi analuma mlomo kuti asaseke, kenako anakumbukira kuti ndi wokwiya.

Bambo ake anali ndi boti lina lowadikira kudoko. Asananyamuke analoza kumbuyo kwa boti la hotela. Maboti a mtunduwu injini imakhala mkati, koma kumbuyo kumatuluka chitsulo chachikulu cholowa m'madzi, momwe mumakhala magiya, ndipo kunsi kwake ndi kumene kuli pulopela. Amakaniko amangochitcha mwendo.

"Nyundo, gwetsa mwendowu. Ndikabwera ndiupeze pa benchi."

*

Nagirisi anali kuseri kwa shedi akutsuka masipanala m'beseni la parafini pomwe fungo la perefyumu linamupeza.

"Ndiwe Nagirisi eti?" Dona anakweza magalasi kuwaika pamutu. "Ndimayesa ndiwe munthu wamkulu. Momwe amakutchulira Kaputeni, ungati ndi wokonza ndege."

"Ndine amene. Samalani diresi, apa n'pa parafini."

"Ndimafuna ndikuchotse nkhawa. Ndikudziwa kuti umamuganizira. Akamupeza wolakwa usalire ayi. Ine ndikalankhula ndi adadi, ndipo adadi sandikaniza kanthu. Ntchito yake ibwerera tsiku lomwelo." Anamwetulira pang'ono. "Kungoti kuyambira pamenepo azidziwa amene wamudzutsa atagwa."

"Nanga akapezeka kuti sanalakwe?"

"Ndiye kuti walakwa ndi wina. Botili limakonzedwa malo amodzi okha, ndipo ndi pano. Maboti onse a adadi amabwera pano, si choncho? Uganize bwino, mnzanga."

Nagirisi anatulutsa sipanala m'beseni, n'kuikutumula, madontho n'kugwera pafupi ndi nsapato za Dona.

"Tikatsegula tikuuzani zomwe tapezamo, mayi."

Liwu loti mayi linamulasa Dona kuposa parafini. Anabweza magalasi kumaso, n'kulowa m'galimoto yake, fumbi kobo.

*

Kulira kwa chitsulo kunamuthamangitsa Nagirisi kulowa m'shedi. Nyundo anali atamasula manati onse ogwira mwendo. Mwendowo unali utasuntha pang'ono, mpata wongolowa chala, n'kukakamira pomwepo. Iye anali atalowetsa chitsulo chachitali pampatapo, akukonzeka kutsamira ndi thupi lonse. Kaputeni anali ataima pambali, akumupempha kuti adikire.

"Achimwene, imani!"

"Wagwira dzimbiri uwu," Nyundo anayankha osacheuka. "Ukungofuna mphamvu basi."

"Giya mwaiyang'ana?"

"Giya yake iti? Si yomwe yafayo?"

"Ndiye vuto lake limenelo. Mwendo uwu sutuluka usanalowe giya ya kutsogolo. Pansi apa pali kachitsulo kokhala ngati phazi, kolowa m'kanjira kake. Kakaloza kutsogolo kamatsetsereka n'kutuluka. Kakapingasa kamakola. Mukakanikiza pamenepo muthyola kachitsuloko, mwinanso n'kung'amba pogwira mwendo ponse. Kenako tidziwa bwanji chomwe chinalakwika dzulo ndi chomwe tathyola ife lero?"

"Ndiye giya yokana kulowa tiilowetse bwanji? Tiigwadire?"

"Ee. Tiinyengerera."

Nyundo anaponya chitsulo chija pansi mpaka nkhunda zinathawa padenga.

"Ndaona. Boti la chibwenzi sitiligwira ndi manja wamba. Ugwetse wekha mwendowo, ababa akabwera ukawafotokozere." Anayang'ana Kaputeni kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kukwera njinga yake yamoto ulendo wa kudoko.

M'shedi munatsala anthu awiri ndi boti. Nagirisi anayang'ana padenga, anayang'ana pansi, anayang'ana paliponse kupatula pomwe panaima Kaputeni.

"A Kaputeni, ntchito iyi ndi ya anthu awiri. Kankhani mwendowu ubwerere m'malo mwake, ndimangeko manati."

"A Kaputeni? Ndakwezedwa liti paudindo? Sabata yatha ndinali iwe."

"Malaya oyerawo muvule, ada ndi girisi."

"Ade. Ndinawasitira iwe, wawaona, ntchito yawo yatha."

*

Nagirisi anakwera m'boti, n'kutsegula chivundikiro cha injini. Anayamba wachotsa makiyi ndi kumasula batire, kuti injini isadzuke zala za munthu zili pa pulopela. Kaputeni anagwada panja kumbuyo kwa boti. Pakati pawo panali khoma la botilo, moti ankangomvana mawu osaonana.

Kuchokera pa handulo kufika ku magiya panali makebulo awiri. Yoyamba inkachoka pa handulo kufika pa injini. Yachiwiri inkachoka pa injinipo, n'kuboola khoma la kumbuyo, kutsikira ku mwendo. Nagirisi anamasula yoyamba pomwe imakumana ndi inzake, n'kupita kukayesa handulo. Inayenda mofewa ngati supuni m'kapu ya tiyi.

"Handulo ilibe mlandu," analengeza. "Kebulo ya pamwamba nayonso ilibe mlandu."

"Tatsala ine ndi ya pansi," anayankha mawu a kunja.

Nagirisi anagwira kebulo ya pansi ndi chopanira n'kuikankha. Sinasunthe. Anaikoka. Inasuntha pang'ono mokhadzula, ngati mkati muli mchenga.

"Gwirani pulopela. Ndikati zunguzani, muzunguze pang'onopang'ono chakumanzere. Mano a giya ayenera kukumana, apo ayi ngakhale ndikankhe bwanji salowa."

Anathira oyilo wofewetsa kukamwa kwa kebulo, n'kuyamba kuiyendetsa, kukoka, kukankha, kukoka.

"Handulo imeneyo inayamba kulimba mwezi watha," Kaputeni anayamba, mawu ake ali phee. "Ndinkachita kuikankha ndi manja awiri. Tsiku lija Dona anati akufuna kuphunzira kuimika boti padoko. Ndi abwana, ndikanakana bwanji? Titayandikira khoma, handulo inamukanika, boti likupita kukagunda. Ndinagwira pomwe panali dzanja lake chifukwa handulo ndi imodzi."

"Nanga kuseka kuja? Nayonso inali handulo?"

"Ankaseka ndani? Unandiona ine ndikuseka?"

Nagirisi anasiya kukoka. Sabata yonse chithunzi chija chinkamuzungulira m'mutu, koma maso ake ankangothera pa manja aja. Tsopano anayesa kukumbukira nkhope ya Kaputeni. Inali yokwinya, maso ali pa khoma la doko.

"Zunguzani," anatero.

"Ndikuzunguza."

"Mwezi wathunthu handulo ikulimba, osandiuza? Ine ndimagulitsa tomato kapena?"

"Ndinawauza a Nyundo. Anathira oyilo pa handulo, akuti izolowera. Iweyo ndikakumana nawe ndimaiwala kuti padziko pali maboti."

"Bodza."

Koma anamwetulira, podziwa kuti khoma likumubisa. Anakulunga sanza pa chopanira kuti chisamupweteke, n'kupitiriza. Kebulo inayamba kuyenda motalikirapo. Pomwe inkatuluka, inkabwera ndi madzi ofiirira.

"Sikuti ndinakhulupirira kuti mukundizembera," Nagirisi analankhula motsitsa, akuyang'ana manja ake. "Kungoti ndinaona zala zake. Zosalala, zikhadabo zopaka utoto. Ndinayang'ana zanga zitanyamula batire, zakuda mpaka m'mizere. Ndinati mwina munthu amatopa."

Pulopela inasiya kuzungulira.

"Nagirisi, zala zimenezo ndinazisankha ndikuziona. Tsiku loyamba unandipatsa moni ndi chigongono chifukwa manja anali akuda, ndipo ndinapita kunyumba ndikudandaula kuti bwanji sunandidetse. Ine sinditopa. Ukafuna kunditaya upeze chifukwa china, chimenechi chakana."

Nagirisi anamva kutentha kumaso. Anatsamiza bondo pa injini, n'kugwira chopanira ndi manja onse.

"Mwasiyiranji? Zunguzani. Pang'ono. Pang'ononso." Anakankha ndi mphamvu zake zonse, kebulo ikulira. "Zunguza! Zunguza, iwe!"

Kunsi kwa boti kunamveka kuti kha.

"Yagwira!" Kaputeni anakuwa. "Ikukana kuzungulira!"

"Yesa mbali inayo."

Pulopela inazungulira ikulira ka-ka-ka, monga imachitira giya ya kutsogolo ikalowa bwino. Nagirisi anakhala pansi m'boti, thukuta lili kamukamu. Mutu wa Kaputeni unatulukira pamwamba pa khoma.

"Wati chiyani paja?"

"Ndati yesa mbali inayo."

"Ayi, usananene zimenezo. Ndamva ngati wina wanditsitsa paudindo."

"Choka apa," anatero Nagirisi, n'kumuponyera sanza kumaso.

*

Atamasulanso manati, mwendo unatsetsereka wokha osafuna chitsulo chilichonse. Unali wolemera ngati thumba la simenti. Anaunyamula awiri, mapewa akugundana, mpaka pa benchi. Malaya oyera aja anali atasanduka mapu.

Nagirisi anatsegula potulutsira oyilo wa magiya n'kutchera mbale. Oyilo anatuluka woyera bwino. Anamupaka pa zala, n'kumuyang'ana padzuwa. Munalibe tizidutswa tachitsulo, munalibe madzi. Kenako anagwira kachitsulo kokhala ngati phazi kaja n'kukatembenuza ndi zala zokha. Kutsogolo, pakati, kumbuyo. Magiya ankalowa ndi kutuluka mosavuta.

"Magiya ako ali ngati ogula dzulo," anatero. "Munthu womenya magiya oyilo wake amatuluka akunyezimira ndi zitsulo. Ulibe mlandu."

"Ndinanena ine," Kaputeni anayankha akudzigunda pachifuwa. "Mazira."

Nagirisi anatenga tochi n'kubwerera kumbuyo kwa boti, pomwe panachoka mwendo. Pamalo pomwe kebulo ya pansi imaboola khoma pamakhala kamphira kotchinga madzi, ndipo kamphirako kamamangidwa ndi kilampu, kachitsulo kozinga kosachita dzimbiri. Anawunika. Kilampu panalibe. M'malo mwake panali waya wamba wopotedwa, wofiira ndi dzimbiri, ndipo anali atadula kamphirako. Madzi ankalowera pamenepo n'kumadya kebulo mkati pang'onopang'ono.

Kapotedwe ka wayayo Nagirisi ankakadziwa ngati momwe munthu amadziwira kayendedwe ka m'bale wake ali patali. Nsonga zake zinali zopindira kumbuyo. Botili linabwera kudzasinthidwa mphira kumayambiriro kwa chaka, ndipo anagwira ntchitoyo anali Nyundo.

Kaputeni anagwada pambali pake. Anayang'ana waya, n'kuyang'ana nkhope ya Nagirisi.

"Ndi ntchito ya pano?"

"Ya achimwene."

Kenako Kaputeni anatambasula dzanja.

"Dula wayayo undipatse, ndikamutaye m'madzi. Unene kuti ndine. Ine ntchito ndipeza ina, padoko ponse akudziwa kayendetsedwe kanga. Koma shedi ya bambo ako ikataya maboti a hotela, muvutika nonse."

"Kenako Dona akupulumutse, akuike m'kachikwama kake pamodzi ndi magalasi?"

"Sindingalole. Ndingochoka."

"Ndipo ababa azinena moyo wawo wonse kuti anakuonera patali? Ayi." Nagirisi anaimirira, maso ali gwa. "Achimwene ndimawakonda, shedi ino ndi moyo wanga. Koma waya uyu akanatha kumiza boti lodzaza anthu. Ndiponso ine sindingakwatiwe ndi munthu amene ndinamunamizira mlandu."

Kaputeni anakweza nsidze.

"Ndiye kuti nkhani ya ukwati ilipo?"

"Gwira tochi."

*

Bambo a Nagirisi anabwerera masana, Nyundo ali pambuyo pawo. Ataona mwendo uli pa benchi wosaphwanyika paliponse, anagwedeza mutu.

"Ababa, tayambani mwaona izi," anatero Nagirisi.

Anawapatsa mbale ya oyilo. Bambowo anaviika chala, n'kuchiyang'anitsitsa, n'kuviikanso ngati akufuna oyiloyo asinthe maganizo. Anatembenuza okha kachitsulo ka magiya. Kenako Nagirisi anawatengera kumbuyo kwa boti n'kuwunikira pa waya paja.

Bambowo anagwada. Anakhudza wayayo ndi chala, n'kukhalitsa pamenepo. Atadzuka, maso awo anapita kwa Nyundo.

"Makilampu anali atatha tsiku limenelo," Nyundo anafulumira kunena. "Ndipo waya amagwira bwinobwino, ababa. Ndamangapo kambirimbiri."

"Kambirimbiri?" Mawu a bambowo anatsika, ndipo ana awo ankadziwa kuti akatsika choncho ndiye kuti zavuta. "Mawa m'mamawa uyamba kuyendera boti lililonse lomwe unaligwira chaka chino. Uchotse waya wako yense, ine ndikuyang'ana."

Anatulutsa foni n'kuimbira mwini hotela pamaso pa onse.

"Bwana, botili taliona. Woyendetsa wanu alibe mlandu, magiya ake ndi abwino kuposa a maboti ambiri omwe ndatsegulapo. Vuto lachokera m'shedi mwanga. Tikonza, ndipo mulilandira lili bwino."

Mawu a mbali inayo ankamveka mpaka pa benchi. Bambowo anangomvetsera ataima chilili, osadzitchinjiriza. Atadula foni anapuma mozama.

"Akuti za maboti enawo aganiza kaye."

Nyundo anadutsa pafupi ndi mlongo wake, n'kumunong'oneza mokwiya. "Wagulitsa m'bale wako chifukwa cha mwamuna. Usadzaiwale." Anatuluka osacheuka. Mawuwo anamubaya Nagirisi, koma sanagwetse nkhope.

"Ababa," anatero, "Kaputeni amafuna nditaye wayayo, mlandu ausenze iyeyo. Ndakana ndine."

Kwa nthawi yoyamba tsikulo, bambowo anamuyang'ana Kaputeni kumaso. Anayang'ananso malaya aja.

"N'zoona?"

"N'zoona, bambo."

"Ndiwe chitsiru. Ukanataya ntchito, wayayo n'kutsala m'maboti ena." Anatola sanza n'kuyamba kupukuta manja omwe anali oyera kale. "Lamlungu masana ndimakhala pakhomo. Munthu akakhala ndi mawu amabwera kudzera pakhomo la kumaso, osati kumangozungulira kuseri kwa shedi ngati mphaka. Ukuyesa sindimakuona?"

"Ndifika, bambo. Pa nthawi yake, simuchita kundidikira."

"Tiona," anatero bambowo, n'kulowa mu ofesi yawo.

*

Nagirisi ndi Kaputeni anakasamba m'manja pa mpopi wa pafupi ndi geti, akulandirana sopo mmodzi. Kaputeni ankaimba mluzu.

"Usasangalale msanga," Nagirisi anamuchenjeza. "Ababa akati tiona, ndiye kuti mafunso awo akonza kale."

"Afunse. Ndiwayankha onse, ndiwonjezereponso ena."

"Achimwene nawo sandilankhula mwezi wathunthu."

"A Nyundo asiyire ine. Pofika chaka chamawa azidzanditcha alamu pamaso pa anthu."

Nagirisi anamuwaza madzi. Kaputeni anamugwira dzanja lonyowalo, ndipo ulendo uno Nagirisi sanalibweze.

Hutala inalira pageti. Kanali kagalimoto kofiira kaja. Dona anatsika, n'kuzungulira kukatsegula chitseko cha mbali inayo mwaulemu wonse. Munatuluka mayi wachikulire, wovala bwino, chikwama chili pamkono. Kaputeni anasiya dzanja la Nagirisi, sopo n'kugwera pansi.

"Amayi? Mwabwera liti kuno?"

"Mwana wanga!" Mayiwo anamukumbatira osasamala girisi. "Ukanandibisira mpaka liti kuti ntchito ikutha? Mwana uyu ndi amene anandiimbira dzulo, n'kunditumizira galimoto. Ndagona kuhotela ngati mlendo wolemekezeka. Ndipo pompano m'galimotomu wandiuza kuti walankhula ndi bambo ake, ntchito yako yapulumuka. Wamuthokoza?"

"Amayi, si mmene zayendera. Amene wapeza vuto ndi..."

"Ndi wamanyazi mwana wanuyu, amayi," Dona anadula, akuwagwira pamkono. "Ndinakuuzani kuti za ife sanafune kukuuzani msanga."

Mayiwo anaseka mokondwa. Kenako anaona Nagirisi ataima pa mpopi, ovolosi yakuda, madzi akudontha m'zigongono.

"Iwe mtsikana, ndiwe wantchito pano? Tabweretsa mpando, uupukute bwino, mpongozi wanga akhale. Wavutika kwambiri chifukwa cha ife."

Kaputeni anatsegula pakamwa, koma Nagirisi anamuletsa ndi diso. Anayenda mosathamanga kulowa m'shedi, n'kutuluka ndi mpando umodzi. Anaupukuta bwinobwino, kumiyendo komwe. Anamudutsa Dona ngati sakumuona, n'kuuika kumbuyo kwa mayiwo.

"Khalani inuyo, amayi. Mwachokera kutali, ndipo nkhani yomwe mwana wanu akufuna kukuuzani si yomvera chiimire."

Mayiwo anamuyang'ana modabwa, n'kuyang'ana Dona, amene kumwetulira kwake kunali kutauma. Asanakhale, chitseko cha ofesi chinalira. Bambo a Nagirisi anali ataima pakhomo, manja ali kumbuyo, ndipo nkhope yawo inkaonetsa kuti amva zonse.

"Kaputeni," anaitana, mawu ali otsika. "Mayi ako akuti ali naye kale mpongozi. Ndiye Lamlungu ukubwera kwanga kudzafuna chiyani?"